Matemba a m'kalasi ya Tadala

Lolemba

Kalata yochokera kusukulu ya Tadala. Kuno ku Sheffield, kwa azungu, kalata ya kusukulu siibwera chabe. Ndaiwerenga katatu pa tiramu, kasitima kam'tauni.

Ati ana akuphunzira za salimoni, nsomba yochoka kunyanja yamchere n'kukwera mtsinje kukaikira mazira komwe inabadwira. Mwana wangayu wakauza aphunzitsi kuti kwathu iliponso, mpasa, ndipo amayi ake ndi katswiri. Ndiye Lachisanu ndikayankhule pamaso pa ana makumi atatu. Tsiku la Malawi, ati.

Ine wa ku Dedza, kumapiri. Mpasa ndinaudyapo kamodzi, pa ukwati, wowamba kale.

Tadala, m'Chingerezi chakecho: "Chonde, musakandichititse manyazi." Ndamukalipira.

Pulani:
1. gule, amayi anayi a kutchalitchi
2. mpasa weniweni wokaonetsa
3. mandasi
4. kugwira pakamwa panga

Lachiwiri

Gule wafa. Mai Phiri awapatsa shifiti. Mai Banda bondo. Achitatu foni ikungolira. Atsala a Mwanza a ku Zambia: "Nizabwela, manje nizavina ya kwathu." Pa tsiku la Malawi? Ndakana.

Lachitatu

Mu Sheffield monse mpasa mulibe. Mashopu atatu, chitunda chokhachokha, mvula kumaso. Ndikatenga usipa wanga wa m'chitini, nsomba ndi nsomba.

Nthawi yopuma kuntchito ndikuwerenga pafoni. Mpasa umakweradi mtsinje wa Bua kukaswana. Ndaloweza. Ndayeserera pa agogo ena amene ndimawasambitsa. Agona ndisanafike pa mazira.

Nanga ana akakaseka Chingerezi changa? Ndinachiphunzira ndekha pa wailesi, sindinabe cha munthu.

Lachinayi

Mandasi ali ndi fomu yake ya kusukulu. Masamba atatu! Muli mtedza? Mazira? Mkaka? Mafutawo munakazingiramo chiyani kale? Ana awiri tirigu amawadwalitsa. Mwana wa eni akakatupa chifukwa cha ine, ndikalowera kuti? Mandasi afa.

Watsala nambala 4, amene sanandiyenderepo chibadwire.

Lachisanu

Ndaima kutsogolo kwa kalasi. Zikuyenda. Mapu ndaloza. Bua ndatchula. Ana akunena "moni" onse pamodzi ngati kwaya. Usipa ukuzungulira m'mbale, akuununkhiza, palibe wakomoka. Tadala akumwetulira.

Ndikanathera pomwepo.

Aphunzitsi akunditengera pakona. Pali thanki yagalasi, m'kati tiana ta salimoni, tinsomba ngati chala. Anawa atilera okha kuyambira tili mazira, kalikonse ndi dzina lake. Mawa akatitaya mumtsinje.

Kamtsikana ka magalasi: "Kwanu tinsomba totere mumatisamala bwanji?"

Ndawerama, ndayang'ana ngati munthu wodziwa ndiwo. Pakamwa patseguka pokha. Ndati msinkhu umenewu ndiye wokoma, kwathu timati matemba, timayanika padzuwa n'kukazinga ndi tomato, mitu yomwe. Kuti amvetse ndatola usipa umodzi, ndauyerekeza pagalasipo, kutalika n'chimodzimodzi. Ndatafuna.

Ana onse maso ali pakamwa panga.

Kenako mmodzi wayamba, enawo alandira. Maliro enieni. Wina wakumbatira thanki. Tadala walowetsa mutu m'juzi.

Ndanama chiyani ine? Wafunsa yekha!

Loweruka

Tadala sakundiyankhula m'chinenero chilichonse. Kumtsinje makolo tonse taitanidwa, ndapita kuti ndisaoneke wothawa mlandu. Ana anayi aima pakati pa ine ndi ndowa ya tinsombato, manja atagwirana. Ndikasuntha, asuntha.

Aphunzitsi akumwetulira: "Dzulo munatiuza zoona zokhazokha." Azungu akamwetulira chonchi ndiye kuti kalata ina ikulembedwa.

Tinsomba tapita. Palibe katembenuka.

Lamulungu

Pobwera kutchalitchi wayankhula. Ati m'buku mwawo adani a salimoni alipo atatu, katumbu, chimbalangondo ndi madamu otseka mtsinje, ndiye anzake awonjezera wachinayi ndi pensulo: amayi a Tadala. Ati mnzake wina amene amakonda kumukoka tsitsi, dzulo wamupatsa chokoleti, n'kufunsa ngati ine ndimadziwa komwe mnzakeyo amakhala.

Ndafunsa ngati ndinamuchititsa manyazi. "Pang'ono. Koma chaka chino musabwerenso."

Ndavomera. Nambala 4 ya pa pulani ija ndafufuta, si ya ine.

Usipa wotsala ndaphika ndi tomato. Wadya, wawonjezera. Wangopempha kuti ndiziutembenuza m'mbalemo usamamuyang'ane.