Mubwere Mutadya Kale

Amene anasintha uthenga uja ndine.

Achemwali anga anali pafupi kuchita chinkhoswe kwathu ku Biwi. Achimwene, omwe amagwira ntchito zamakompyuta, anakonza kapulogalamu koyankha alendo. Munthu akatumiza meseji pa nambala ya komiti ya chinkhoswe, kankayankha kokha kuti, "Zikomo, tikuyembekezerani Loweruka." Ankanyadira kuti kanthuko sikakhala pa makina aliwonse a m'nyumba. Kamagona pa intaneti, kamadzuka meseji ikafika, kakayankha n'kugonanso. (Moyo umene ine ndimaulakalaka.)

Tsiku lina m'mawa achimwene anathamangira minibasi, laputopu ataisiya yotsegula. Ndinangowonjezera kachiganizo kamodzi: "Mubwere mutadya kale."

Oyamba kulandira anali ankhoswe akuchimuna, amalume awo a alamu athu, a ku Kawale. Analemba kuti, "Mwati bwanji?" Kanawathokoza, n'kubwereza kuti abwere atadya. Analembanso zazitali, za ulemu wa banja lawo. Kanawathokozanso. Masana asanakwane tinamva kuti akuchimuna sabwera, achemwali n'kudzitsekera kuchipinda.

Abambo anazula waya wa laputopu. Amayi anayesa kutumiza meseji pa foni yawo, nawonso anauzidwa kuti abwere atadya. Abambo anazimitsa magetsi a nyumba yonse, ndi firiji yomwe, mmene munali nkhuku za chinkhoswe. Kanthu kaja kankayankhabe mwaulemu.

"Chili kuti chinthu chakochi ndichiphwanye?" abambo anafunsa achimwene pa foni.

"Palibe choti muphwanye, ababa. Sichili m'nyumbamo."

"Ndiye chili kwa ndani?"

"Yatsani kaye magetsi, nkhuku ziwonongeka."

Ine ndinali pakhonde ndi buku la sayansi (lozondoka).

Achimwene atafika anabwezeretsa mawu, n'kuwonjezera loko: tsopano wina akafuna kusintha kanthu, foni yawo imayamba yawafunsa. Anaonanso nthawi imene mawu anasinthidwa. Nthawi imeneyo m'nyumba munali ine ndi mphaka basi.

Abambo anandikokera ku Kawale. Ndinagwada, ndinapepesa. Amalume aja anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Tibwera," anatero, "koma tibwera ndi njala."

Anasungadi mawu awo. Chilango changa chinali kutsuka mbale zonse za chinkhoswe, ndekha, kuseri kwa nyumba. Sizinandivute. Anthu a ku Kawale anadya mokwiya, mbale zinkabwera zoyera kale. Ine ndinkangozinyowetsa.