Pasiwedi ili kwa apongozi

Mukadzamva alonda a ku Area 10 akusimba za bambo wina amene anagwada pamsewu dzuwa likuswa mtengo, chipewa chili m'manja, akulankhula ndi mpanda, musavutike kufufuza. Ndinali ine. Sindinaledzere, sindinkapemphera, ndipo mutu unkayenda bwinobwino (apa mayi a Tadala, akazi anga, amatsutsa).

Ndiyambe ndi matenda anga. Ine ndine dalaivala pa ofesi ina ku City Centre, ndipo udalaivala theka lake ndi kudikira. Bwana alowa mumsonkhano, iwe watsala m'galimoto, foni ili m'manja. Umo ndi mmene beti inandilowera, mwakachetechete ngati chiswe. Poyamba inali ya Loweruka lokha, ya matimu owadziwa. Kenako ndinapezeka ndikubetcha mpira wa kumaiko oti sindingawaloze pamapu, matimu oti lilime limakana kutchula. Zimene zinamira m'menemo sindinena, mungasiye kuwerenga. Chachikulu n'chakuti tsiku lina ndinafika pakanyumba kathu ka lendi ku Area 3 n'kupeza zii. Mayi a Tadala anali atabereka mwana, atanyamula chikwama, ulendo.

Ankhoswe anatuluka thukuta kuti mayiwo abwerere. Anabwereradi, koma chikwama chija sanamasule. Anachikhazika kumiyendo kwa bedi. Akachapa zovala zawo, kusita, n'kuzibwezera momwemo. Mawu anali amodzi okha: "Bambo a Tadala, mukadzangobetchanso kamodzi, ine sindidzalongedza ayi. Ndalongedza kale."

Abale, ndinachita mantha. Chikwama chija chinkandiyang'ana m'mawa uliwonse ndikamavala nsapato.

Amene anandithandiza ndi Che Jafali, okonza mafoni pakhonde la sitolo ina ku Area 2. Anandionetsa kuti mu akaunti ya beti muli malo odzitsekera wekha, pomwe umapempha kampaniyo kuti isakulole kwa nthawi yaitali, ndipo ukangodina, ngakhale ulire misozi ya magazi satsegula. Tinadina m'maakaunti onse (anali angapo, tisanamizane). Kenako anandiikira pulogalamu yotseka masamba onse a beti, yosachotseka popanda pasiwedi.

"Koma pasiwediyo isakhale ndi inu," anatero Che Jafali. "Fisi samusungitsa mbuzi. Ipatseni munthu woti simungathe kumupempha."

Ndinaganiza. Mayi a Tadala? Ayi, ndimadziwa powagwira, ndikhoza kuwanyengerera. Anzanga a kuntchito? Amenewo botolo limodzi lozizira akugulitsa ndi nsapato zomwe. Mwadzidzidzi nzeru inagwa ngati bingu: apongozi!

Muwadziwe apongozi anga. Kwawo ndi cha ku Mitundu, koma akhala zaka zambiri akuphika panyumba ina ya mpanda ku Area 10, ndipo amagona kuseri komweko. Tauni sinawachotse mwambo ngakhale pang'ono. Chikwatirire mwana wawo ndinali ndisanawayang'anepo kumaso. Akabwera kwathu ine ndimadyera panja. Tikakumana panjira ndimapatukira m'maudzu. Mapazi awo ndi mawu awo ndinkawadziwa bwino, koma nkhope mukanandifunsa kupolisi, bwenzi nditalephera mlandu. Munthu wotereyu ndingakamuyambe bwanji kuti amayi, tandipatsani pasiwedi ndikabetche?

Mayi a Tadala anapita nayo foni kwa mayi awo, inabwerako itakhomedwa. Ine ndiye kunyada! Kuofesi ndinalalikira madalaivala anzanga onse, mpaka kuwalumbiritsa kuti wina asadzandibwereke foni ngakhale ndigubuduke pansi.

Miyezi inadutsa bwino. Tulo tinabwerera, Tadala anayamba kundithamangira pakhomo, ndiwo zinayamba kuoneka mafuta. Chikwama chokha ndicho sichinasunthe.

Ndiye linafika Loweruka lija. Masana ake kunali mpira, timu yaikulu ndi katimu kena kakang'ono konyozeka. Ndikusamba m'mawa chinthu chinangondinong'oneza kuti lero kakang'onoko kagwetsa chimphona. Sikunali kuganiza ayi, kunali kudziwa. Amene munabetchapo mukundimva. M'manja munayamba kuyabwa. Ndinadziuza kuti kamodzi kokha, ndipambane, ndiwagulire mayi a Tadala kena kake, nkhani ithe (taonani ukathyali wake, mphatso yogula ndi chinthu chomwe chiwathamangitse).

Ndinanama kuti bwana andiitana, n'kutuluka. Pakona ndinaimbira kampani ya akaunti yanga yakale. Inandiyankha mwaulemu kwambiri kuti munapempha nokha kuti tikutsekereni. Ndinayesa kampani ina yatsopano. Foni inangondionetsa chithunzi cha loko. Ndinaimbira mnzanga wa kuntchito.

"Aise, tandibetcherako pafoni yako, ndikubwezera Lolemba."

"Bigi, munatilumbiritsa nokha, dzanja lili m'mwamba," anatero, n'kudula. Munthu woti sanasungepo lonjezo chibadwire, anasankha tsiku limenelo kukhala woyera mtima.

Mufunsa kuti bwanji osangolowa m'shopu ya beti, poti mu Old Town zili mbwee? Ine? Kuima pamzere ndi anyamata a pa depoti, anthu akutchalitchi akudutsa? Ayi ndithu. Ine ndinkadziona ngati munthu wolemekezeka, wobetcha mwaukhondo. Sungani mawu amenewa, muwafuna posachedwa.

Ndinatsikira kwa Che Jafali nkhope ili yachisoni.

"Che Jafali, foniyi ikuvuta. Tangoifufutani zonse iyambirenso."

Sanailandire n'komwe. Anapitiriza kumasula foni ya munthu wina, kagalasi kali padiso.

"Mpira uyamba nthawi yanji?"

"Mpira wanji?"

"Bambo a Tadala, walahi, akazi anu amadutsa pano popita kumsika, amandipatsa moni. Ndikakutsegulirani ndidzawayankha ndi pakamwa pati? Khalani apa timwe tiyi."

Munthu wanzeru akanamwa tiyi. Ine ndinakwera minibasi ya ku City Centre, kutsika, n'kuyamba wapansi kulowera ku Area 10, kumene woyenda pansi amaoneka ngati wakuba kapena wofuna ganyu. M'njira ndinaluka bodza langa: pulogalamu ija ikutsekanso mauthenga a kuofesi, bwana akwiya, ntchito ili pachiswe.

Pageti alonda anatsegula kazenera, wailesi ikulira m'kanyumba kawo.

"Alendo a antchito salowa adona asanalole, ndipo adona achoka. Dinani batani ilo pampandapo, amayiwo akumvani kukhitchini."

Mtima unakhala pansi. Kabokosi kolankhulira! Kulankhula ndi apongozi osaonana, mwambo wosaphwanyika, bodza losaoneka m'maso. Ndinati Mulungu ali mbali yanga. Koma ndisanadine ndinati ndiyesere kaye. Ndinayenda uku ndi uku kutsogolo kwa geti, kubwereza mawu anga, kutambasula manja, kupukusa mutu, mpaka kuyeserera kupuma kwa munthu wothedwa nzeru. Nditakhutira ndinadina.

"Ndani?"

Mawu aja atangotuluka m'khoma, miyendo inapinda yokha. Sindinaitume. Ndinangopezeka ndagwada pasimenti yotentha, chipewa chili m'manja, maso kumbali.

"Ndine bambo a Tadala, amayi."

"Akamwini! Kwagwanji? Mwana wadwala?"

"Ayi amayi, onse ali bwino." Ndinayala bodza lija lonse, ndi kupuma kuja komwe. Kabokosi kanabwereza mawu anga.

"Mauthenga a kuofesi. Loweruka."

"Eee amayi, bwana wathu ndi wovuta."

"Oho. Nanga muja mumazungulira pamsewupo, manja m'mwamba, mukulankhula nokha, mumayankha bwanayo?"

Ndinamwaza maso uku ndi uku, kufuna pamene akundionera.

"Pamwamba pa getipo pali kamera, akamwini. Kukhitchini kuno ndimaona msewu wonse. Ndinayesa mwalandira uthenga wa maliro."

Nthawi yomweyo kumbuyo kwanga kunalira hutala. Adona abwera, chigalimoto chili ndii pamsana panga. Ine monga dalaivala ndimadziwa kuti kutseka geti ndi tchimo. Koma monga mkamwini sindikanaimirira apongozi ali pakati polankhula. Ndiye ndinachita chimene chinatsala: ndinasendera kumbali ndi maondo, pang'onopang'ono, chipewa chili pachifuwa. Munthu wolemekezeka uja, wokana kuima pamzere ndi anyamata a pa depoti.

Adona anatsitsa galasi n'kufunsa m'Chingerezi ngati bamboyu akudwala. Khoma linayankha, m'Chingerezi chomwecho, kuti ayi, ndi mwamuna wa mwana wanga, amangokhala choncho. Adona anandilola kulowa.

Kuseri kwa khitchini ndinakhala pachidebe chovundikira, nkhope kuloza kumpanda. Apongozi anakhala pakhomo kumbuyo kwanga, akudula anyezi. Foni ndinaiika pasitepe ndi manja awiri. Sanaikhudze.

"Pasiwedi ine ndilibe," anatero.

"Pepani amayi, sindinamve."

"Ndilibe. Ndinadziwa kuti tsiku lina mudzabwera, ndipo ine mtima wanga ndi wofewa, munthu akandigwadira ndimagonja. Ndiye ndinakopera manambala a pa pepala la sopo, aja amakhala kunsi kwa timizeremizere. Pepalalo ndinayatsira mbaula tsiku lomwelo."

Pamenepa munthu wa mauthenga a kuofesi akanangodandaula n'kutsazika. Koma pakamwa panga panathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

"Sopo wake uti, amayi?"

Mpeni unaima. Kugeti ndinamva alonda akutsamwa ndi chiseko.

"Wa kuofesi kwanu," anatero apongozi. Mpeni unayambanso. "Poti mwabwera, mkamwini sakhala manja lende. Kadimba kanga ako kauma."

Choncho mpira unayamba ine ndili ndi kheni m'manja, ndikuthirira mpiru wa apongozi, nsapato za kuntchito zili matope okhaokha. Wailesi ya alonda inkamveka bwino lomwe. Ndinapemphera, ndikuuzani zoona, kuti katimu kaja kagonje, kuti ndipite kunyumba ndikuthokoza kuti loko wandipulumutsa. Ikanakhala nthano yokoma.

Kanapambana. Ndendende mmene chinthu chija chinandinong'onezera.

Ndinakhala pansi m'matope momwemo. "Ndinanena ine! Ndinanena!" Misozi inatsika, bambo wamkulu ndevu pepeya, pakati pa mpiru.

"Yapambana?" anafunsa apongozi ali kumbuyo kwanga.

"Yapambana, amayi."

"Ya malemu apongozi anu inkapambananso."

Za bambo a akazi anga ndinkangodziwa kuti anamwalira kalekale.

"Iwo inali njuga ya makadi, pamsika. Tsiku lina anabwera ndi njinga. Tsiku lina wailesi. Mudzi wonse unkati Nabanda wakwatiwa ndi wamwayi. Akanakhala kuti ankangoluza, bwenzi atasiya msanga. Chinatimaliza ndi kupambanako. Dimba linapita, malata anatsika padenga ife tili m'nyumba. Mwana wanga uja wakulira kuseri kwa nyumba za eni ake chifukwa cha munthu wodziwa kupambana. Chikwama chili kwanu chija ndi changa. Ine ndinachedwa kuchinyamula. Iye ndinamuuza kuti asadzachedwe."

Tsiku limenelo ndinaphwanya mwambo. Ndinatembenuka n'kuwayang'ana. Maso ake ndi omwe aja a mayi a Tadala, ndipo anali atafiira. Mwina anali anyezi.

"Mukawauza, amayi?"

"Ine ayi. Pakamwa muli napo, ndapamva lero."

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe, matope mpaka m'maondo. Mayi a Tadala ankapeta mpunga pakhonde. Ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse, kuyambira kubafa mpaka kumpiru. Anamvetsera osaphethira.

"Ndiye munabetcha?"

"Ayi."

"Chifukwa simunafune, kapena munalephera?"

"Ndinalephera."

Anayang'ana mumpunga nthawi yaitali. Ine maso anali kuchitseko cha kuchipinda, kumene kunali chikwama.

"Koma mwabwera n'kunena nokha," anatero motsitsa. Kenako milomo inayamba kunjenjemera. "Bambo a Tadala, mwati munayenda ndi maondo? Adona akuonerera?"

Anaseka mpaka mpunga kutayika, mpaka Tadala kuyamba kulira osadziwa chimene chagwa.

Chikwama sichinachoke tsiku limenelo, kapena sabata imeneyo. Koma m'mawa wina ndikufuna shati ya kuntchito ndinapeza mashati anga onse atapanikizidwa kukona, mahang'ala anga atalandidwa ndi madiresi. Ndinadandaula mokweza kuti munthu sungapezenso chovala m'nyumba muno, kwinaku ndikupukuta m'maso. Chikwama chinabwerera ku Area 10, akusungiramo mbewu.

Nthawi yodzitsekera ija itatha ndinapita ndekha kwa Che Jafali kukadinanso, ndipo ulendo uno tiyi ndinamwa. M'manja mumayabwabe Loweruka lina, sindikunamizani. Likatero ndimauza mayi a Tadala, iwo amandipatsa mwana kuti ndikamuyendetse mpaka mpira uthe.

Chimodzi chokha ndicho sindinachire. Ndikalowa m'sitolo, dzanja limapita lokha pashelefu, kutembenuza sopo, maso pa timanambala tija. Mayi a Tadala anandigwira kamodzi. Sanakalipe. Kungoti kuyambira tsiku limenelo, sopo kwathu amafika ali maliseche.