Nyumba ya Sipanala Imodzi

Lolemba

Yatha! Yaima pabwalo panga pano pa Nsaru, ndipo ndikungoizungulira ngati munthu woona ndege koyamba.

Nyumba yomasula ndi kumanganso. Ndinawerenga za nyumba zotere m'mabuku onena za mizinda yothinana, kumene anthu achuluka kuposa malo. Yangayi ili motere:
– makoma anayi ofanana ndendende, mafelemu a bulugamu, pakati nsungwi zoluka
– denga la malata
– pansi poyala matabwa, okhala pa miyala
– njerwa zootcha palibe, mtengo wofera mu uvuni palibe!
– mabawuti onse ofanana, sipanala imodzi

Ndi ya Esinati, mwana wa mlongo wanga. Alandilodi ake ku Mtandire, mutauni, akufuna chipinda chawo Loweruka. Mnzake wamulola kuimika nyumbayi pa kampata ka pakati pa nyumba yake ndi mpanda; ndinakayeza ndekha ndi tepi. Loweruka m'mawa lole ya ogula chimanga inyamula zidutswa, madzulo iye ndi ana ake awiri agona mwawomwawo.

Masana ndaonetsa anthu kamasulidwe kake. Abwera ambiri. Sipanala ndaimangirira kuchitseko ndi chingwe chachitali, kuti izifika pa bawuti iliyonse. Akazi anga, Nabanda, angoti: "Mwaonetsa mudzi wonse, eti?" Vuto sindikuliona. Nzeru n'zogawana.

Lachiwiri

Maliro. A Kamwendo, nkhalamba yoyandikana nafe, atisiya.

Adzukulu okumba manda afika pakhomo, patsogolo a Lufeyo. "Aphunzitsi, denga lokha. Anthu ali padzuwa." Adzukulu samanidwa kanthu. Awa si maganizo anga, n'chinthu chodziwika ngati kuwira kwa madzi.

Ndaima n'kumaonerera. Anthu oona kamodzi kokha dzulo! Palibe wafunsa funso, palibe bawuti yagwa pansi. Tiyi wanga asanapole, denga lili pamapewa, likuyenda pakati pa nyumba za anthu ngati kamba wa miyendo yambirimbiri. Kapangidwe aka n'kodabwitsa.

Kuika ndi mawa. Nthawi ilipo.

Lachitatu

Kuika kulibe. Akudikira mwana woyamba wa malemu, ali m'basi kuchokera ku Joni.

Mphepo ya Julaye. Amayi akuzizidwa pasiwa. Makoma awiri apita. Masana khoma lachitatu lapita kukatchinga moto wa ophika.

Ndapita kukaona. Ayi ndithu! Makoma aja sanawaimike moyang'anizana monga ndinajambulira. Awalumikiza motalika, denga alikweza pa nsichi, ndipo chipinda cha anthu atatu chasanduka chisakasa chokwana kwaya yonse ya mpingo. Bawuti iliyonse yapeza bowo lake. Zimenezi ine sindinaziganizepo, m'mabuku mulibenso. Ndabwerera kunyumba mwakachetechete ngati wochokera pa mgonero.

Zotsala: khoma limodzi, chitseko, matabwa apansi.

Lachinayi

Basi yawonongeka kwinakwake ku Mozambiki.

Ndavala jekete kuti ndikafotokoze bwinobwino za Loweruka. Mfundo zanga n'zomveka, ndaziika m'ndondomeko. Nabanda aima pakhomo: "Mukasasule denga pamutu pa anamfedwa? Za pamaliro zimabwera akasesa. Vulani jeketelo." Ndavula.

Esinati waimba foni: "Atsibweni, katundu ndamanga kale. Nyumba ili bwanji?" Ndayankha kuti ikuyesedwa. Si bodza. Ikuyesedwa koopsa, ndipo ikupambana!

Khoma lachinayi latchinga bafa la alendo. Chitseko chagonekedwa pa migolo iwiri, akudulirapo nyama ya mbuzi. Sichikupindika ngakhale pang'ono. Bulugamu wouma bwino ndi ameneyu.

Lachisanu

Wa ku Joni wafika. Kuika mawa.

Ndakhala pamatabwa anga pakati pa bwalo, buku m'manja, mutu padzuwa. Nyumba yopanda khoma, komabe pansi pake mposalala.

A Lufeyo abwera, chipewa m'manja. Ayamba ndi kuyamikira matabwa. Akuti mwana wa malemu sakufuna dothi ligwere pabokosi la bambo ake. Pafunika matabwa oyala pamwamba pake asanakwirire. Atulutsa kamtengo kamene anayezera manda, akagoneka pa thabwa langa.

Ndendende! Osadula, osawonjezera. Ine ndinayeza kampata ka ku Mtandire, iwo anayeza manda, muyeso n'kukhala umodzi. Malo a munthu mutauni ndi malo ake omaliza, chimodzimodzi.

Matabwa apita. Awa okha sabwera ngakhale akasesa.

Loweruka

Lole yafika m'mawa. Dalaivala wayang'ana miyala yotsala pabwalo, wayang'ana ine, wafunsa ngati anyamule miyalayo.

Ndaimbira Esinati, ndamuuza zonse monga zachitikira. Wayankha: "Ndiye loleyo ikatsitsa chimanga idzanditenge, atsibweni. Kolowera ndilibe."

Kumanda, woyankhulira banja wathokoza mpingo, kwaya, adzukulu. Pomaliza watchula ine. Akuti aphunzitsi athu, poona mmene timavutikira ndi dzuwa ndi mphepo, atipangira chisakasa chomasula choti chizithandiza pamaliro onse a m'mudzi muno. Khamu lonse lavomereza chapansipansi. Abusa andigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Wa ku Joni walira paphewa langa.

Ndatsegula pakamwa kuti ndikonze mfundoyo. Nabanda andiyang'ana kuchokera kumbali ya amayi. Ndatseka. Chimene wathokozedwera pamanda sukachitenganso.

Chodabwitsa n'chakuti woyankhulayo wafotokoza ubwino wa nyumba yanga momveka kuposa mmene ndinafotokozera Lolemba.

Lamulungu

Asesa m'mawa. Makoma ndi denga azisanja bwinobwino kuseri kwa tchalitchi, mabawuti m'chitini. Sipanala asunga a Lufeyo. Kwa ine abweza chingwe chija, chokulunga mwaulemu.

M'nyumba muno tsopano muli:
– ine ndi Nabanda
– Esinati ndi ana awiri
– bedi, mbaula, mapoto, matumba a zovala
– mabuku anga a za mizinda yothinana, atatu akuchirikiza mwendo wothyoka wa bedi

Esinati watenga chingwe chija, wachimanga kuchokera pawindo mpaka pa msomali wa kalendala, wapachikapo zitenje ziwiri. Pabalaza pasanduka zipinda ziwiri. Chosamuka, chomasuka, chopanda bawuti, chopanda mtengo wodulidwa. Ndachiyang'ana nthawi yaitali. Sindikupezapo cholakwika.

Esinati wati akhala mpaka ndimange nyumba ina. Nabanda ati ikakhala yomasula, ndikaimangire kuchipinda, zitseko zotseka.

Tebulo langa lili mbali ya Esinati. Ndikulembera pabondo, panja, nditakhala pa umodzi wa miyala ija.