Laputopu M'thumba la Nyemba

Mwana wanga Rosa mpaka lero salola kuti ndiyandikire laputopu yake ndili ndi kapu m'manja. Ndimakwiya nazo, koma chifukwa chake ndikuchidziwa.

Inali nyengo yozizira ya kuno ku Lichinga, ija munthu umatuluka utsi m'kamwa usanasute. Rosa anali atatsala pang'ono kumaliza kulemba monografiya yake ya ku yunivesite, yoti akapereke sabata yotsatira, ndipo ntchito yonseyo inali mu laputopu mokha. Anaisiya patebulo n'kupita ku Sanjala kukawerenga ndi mnzake kwa masiku angapo. Ine ndinaitsegula kungofuna kuonera zigoli za mpira. Nkhuku inalowa m'nyumba, ndinaikalipira ndi dzanja lomwe linali ndi tiyi (sinditha kukalipa manja ali phee), tiyi yense n'kuthera pa mabatani.

Ndinapukuta ndi malaya n'kuyatsa. Inathwanima, n'kuzima. Ndinayatsanso. Ndinaiwomba khofi kumsana monga tinkachitira ndi mawailesi akale. Zii.

Ndinakumbukira kuti foni ikagwera m'madzi amaikwirira mu mpunga. Mpunga m'nyumbamo unali wosakwana n'kukwirira supuni. Koma tinali ndi matumba a nyemba zakumunda kwathu, zouma gwa. Ndinati nyemba ndi mpunga n'chimodzimodzi, zonse zimamwa madzi. Ndinamasula thumba limodzi, kuilowetsa pakati penipeni, kusokanso mwaluso, osauza munthu. Kenako ndinapita kuntchito ndikudzitama mumtima.

Pobwera masana, thumba palibe.

"Mayi a Rosa, thumba linali pafupi ndi chitseko lija lili kuti?"

"Lapita ku Meponda pa shapa ya m'mawa. Si munanena nokha kuti titumize kwa Abiti Saidi atisinthire ndi usipa?"

"Pa matumba onsewa munasankhiranji limenelo?"

"Ndi lokhalo linali losokedwa bwino."

Ndinakalipa. Ndinanena za anthu osafunsa, za nyumba yopanda dongosolo, ndinafika mpaka kwa azibale awo amene sizinkawakhudza n'komwe. Iwo anangodikira.

"Mwamaliza? Ndiye munaikamo chiyani?"

Ndinanena. Anangondipatsira jekete langa.

Foni ya Abiti sinkapezeka, ndiye ndinakwera shapa, minibasi yathu ija, kutsetserekera kunyanja. Njira yonse ndinkakangana ndi kobradori, wotolera ndalama uja, chifukwa choimaima, ndipo galimoto ikagunda dzenje ndinkaona mmene matumba ankadumphira kumbuyo, mayi wina wonenepa atakhalira limodzi.

Abiti Saidi ndi mayi wamalonda a nsomba amene timasinthana nawo chaka ndi chaka. Ndinawapeza akuyeza kale nyemba zanga m'mabeseni. Laputopu inali pa thandala, pakati pa usipa, yotsegula, dzuwa likuiwomba.

"Mwafika, achimwene? Ndimakudikirani. Chaka chino basela wanu ndi wamkulu."

"Mwaiikiranji padzuwa, Abiti?"

"Imanata m'manja. Kuno chonyowa chilichonse timayanika."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma ndinaona kuti nzeru zawo ndi zanga zinachokera sukulu imodzi.

Mawa lake ndinapita nayo kwa mestre wina wokonza makompyuta ku Chiuaula. Nditangoitulutsa m'chikwama, iye anadzuka n'kutsegula zenera. Atamasula pansi pake munagwa makoko a nyemba, fumbi, ndi anankafumbwe amene anali atayamba kale kukhazikika m'kafani koziziritsira. Anandionetsa pamene tiyi wa shuga anaumira pa plaka, bolodi lalikulu lija, ndi kamalo kena kakuda bii.

"Munaiyatsa ili yonyowa, bambo?"

"Kamodzi."

Anandiyang'ana.

"Kangapo."

"Nanga mng'alu uwu kumsanaku?"

"Ndi msewu wa ku Meponda."

Anati plaka yapsa, mabatani afa, zonsezo n'zosintha. Ine ndinati za plaka sindikuzifuna, ndikufuna monografiya ya mwana wanga. Anachotsa disiki, kachitsulo kosungamo zolemba, n'kukalumikiza pa kompyuta yake. Kunja kunkazizira, koma malaya anga ananyowa. Patapita kanthawi dzina la Rosa linaoneka, ndi masamba ake onse. Ndinakhala pampando wa mestre osapatsidwa.

Rosa pobwera anapeza mayi ake atamuuza kale zonse, ndi zowonjezera. Ndinamupatsa fulashi muli ntchito yake.

"Papa, bwanji osangondiimbira?"

"Ndinkafuna ndiikonze ndekha."

"Ndi nyemba?"

Monografiya anaimalizira pa kompyuta ya mnzake uja ndipo anapereka pa nthawi yake. Laputopu inakonzeka, ikugwira ntchito, kungoti ikatentha imatulutsa kafungo ka usipa. Akuti tsiku lina m'kalasi aphunzitsi anafunsa amene wabwera ndi ndiwo.

Tsiku lokatenga laputopu ndinamufunsa mestre ngati si nyemba zija zinapulumutsa disiki. Anati ayi, tiyi sanafikeko basi. Amenewo ndi maganizo ake. Ine ndikudziwa kuti chinthu chinalowa m'thumba chili chonyowa, disiki n'kutuluka youma.