Momwe Ndinaitanira Akumanda Kudzalandira Makuponi

Kukanakhala kuti manyazi amapha, bwenzi pano manda anga atamera kale udzu. Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, ndipo oidziwa yonse ndi anthu awiri okha: mkazi wanga ndi bambo wina wa ku Lilongwe. Dzina la ofesi sinditchula, langanso musalifunse.

Zinali zaka zija za makuponi, pomwe kapepala kamodzi kankatha kudanitsa abale a bere limodzi. Ine ndinali kalaliki pa ofesi ina yothandiza alimi pa Santhe. Mwa ntchito zathu, yaikulu inali kulemba mayina a mabanja oyenera kugula feteleza wotsika mtengo m'midzi yozungulira, kuwasunga mu kompyuta, kenako kukawawerenga pagulu makuponi asanaperekedwe. Poti ndinapitako ku maphunziro a kompyuta a milungu iwiri, anthu pamsika ankandiitana kuti "a Injiniya". (Sindinakanepo. Inu mukanakana?)

Kompyuta yathuyo sinali ngati zamakonozi zongodina tizithunzi. Ukaiyatsa inkakupatsa galasi lakuda bii, ndi kamzere koyera kakuphethira pakona, kudikira kuti ulembe lamulo. Ukalemba zolakwika sinkakufunsa ngati watsimikiza. Inkangomvera, ngati mkamwini wongofika kumene. Pambali pake panali kabokosi kolowetsamo tepi, yofanana ndi kaseti ya nyimbo koma yonenepa. Lachisanu lililonse ndinkalowetsa tepiyo n'kulemba lamulo loti zonse za mu kompyuta zikopedwere pamenepo, kuti makina akadzafa tidzakhale ndi potolera. Lamulo limeneli ndinalilemba zaka ziwiri osadumphitsa, mpaka zala zinaliloweza kuposa mutu.

Ndiye Lachinayi lina, mitambo itayamba kale kusonkhana, kompyuta inalira kuti kete kete kete, n'kuzima. Msonkhano wowerenga mayina unali Lolemba.

Abwana athu, a Chirwa, anali munthu wofatsa wa ku Kaluluma, wolankhula Chichewa chosalala kupatula akakwiya, pomwe Chitumbuka chinkatuluka chokha. Anaimbira foni a Mvula, bambo wa ku Lilongwe amene anatiikira makinawo. A Mvula anafika Loweruka m'mawa, anatsegula mimba ya kompyuta, anachotsa diski yakufa n'kuikamo yatsopano. Koma anali pa ulendo wa kumaliro a alamu awo, galimoto ikulira panja.

"Yadzuka, koma mkatimo mulibe kanthu," anatero akupukuta manja. "Chatsala n'kubwezeretsa za pa tepi. Zimenezo mumazitha eti, achimwene?"

A Chirwa anali ataima pakhomo akundiyang'ana. Mayi wogulitsa zitumbuwa analinso pomwepo, ndipo mayi ameneyu ndiye ankafalitsa mbiri yanga ya uinjiniya pamsika ponse.

"Aa, zazing'ono zimenezo," ndinayankha.

Kunena zoona ndinali ndisanabwezeretseko kanthu chibadwire. Ndinkadziwa kuika m'nkhokwe, osati kutapa. Koma ndinali ndi kope lomwe a Mvula anandilemberamo malamulo onse tsiku lomwe anatiikira makinawo, ndipo linali mu dirowa, pafupi ndi bondo langa. Kulitulutsa pamaso pa abwana ndinaona ngati kudzitsitsa. Dokotala amatsegula buku wodwala ali pomwepo?

Apa ndikufotokozereni pang'ono, kuti mumvetse kukula kwa uchitsiru wanga. Lamulo lokopera zinthu pa tepi ndi lamulo lozitulutsa pa tepi n'zofanana ngati mapasa. Zimasiyana chilembo chimodzi. Ukaika c, ukuuza makina kuti atenge za mu kompyuta azilembe pa tepi, n'kufafaniza zomwe zinalipo. Ukaika x, ukuwauza kuti atenge za pa tepi azibwezere mu kompyuta. Basi.

Ndinalowetsa tepi. Ndinathyola zala kuti thyo thyo, n'kulemba lamulo mothamanga, osayang'ana mabatani, kuti abwana aone. Tepi inalira pang'ono, n'kukhala chete.

"Yatha kale?" anafunsa a Chirwa. "Si imatenga ola lathunthu imeneyi?"

"Diski yatsopano, bwana. Izi zamakono zimathamanga."

Anagwedeza mutu mokhutira, anagula zitumbuwa ziwiri, chimodzi anandipatsa, n'kupita kukaona nazale yawo ya fodya.

Nditatsala ndekha ndinatsegula malo omwe mayina amakhala. Munalibe kanthu. Ndinaganiza kuti mwina tepi sinakhale bwino, ndiye ndinaitulutsa, ndinaiuzira ngati kaseti ya m'minibasi, ndinaibwezera, n'kulembanso lamulo lomwelo. Munalibe kanthu. Ndinadya chitumbuwa chija, ndinapuma, n'kulembanso kachitatu, ulendo uno pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, kuti makina amve bwino.

Pamenepo m'pomwe ndinatsegula dirowa. Pa tsamba lachiwiri la kope, a Mvula analemba x wamkulu, anamuzunguliza ndi bolopeni yofiira, pansi pake n'kulemba kuti: "Musanabwezeretse, kankhani kachotsekera ka pa tepi kuti isalembedwe." Kachotsekerako ndinakapeza. Kanali kofiira nakonso, ndipo kanandiyang'ana.

Abale, thukuta lomwe linatuluka pamenepo likanathirira nazale yonse ya a Chirwa. Ndinali nditatenga kompyuta yopanda kanthu n'kuikopera pamwamba pa tepi yokhala ndi mayina onse a chaka chimenecho. Mapepala omwe tinalembapo kumidzi tinali titawagwiritsa kale ntchito kumbuyo kwake n'kuwataya, ena anakulungira matemba. Ndinalamula makina kuti andionetse zomwe zatsala pa tepi. Anandionetsa mzere umodzi, wopanda dzina la munthu ngakhale mmodzi.

Munthu wanzeru akanaimbira a Mvula. Ine ndinakumbukira kuti matepi anabwera awiri, ndipo inayo, yomwe tinaigwiritsako ntchito poyamba, inali mu kabati ya abwana, pansi pa makalendala akale. Ndinaipeza itachita fumbi. Ndinakankha kachotsekera, ndinatsegula kope pambali, ndinalemba x ngati mwana wa sitandade wani. Tepi inalira ola lathunthu. Kenako mayina anayamba kutsika pagalasi, mudzi ndi mudzi, Banda, Phiri, Mwale, onse ali phee m'mizere mwawo. Ndinagwada pansi pa simenti n'kuthokoza Mulungu. (Pepani Ambuye, ndinakulowetsani m'zinthu zomwe simunazivomereze.) Funso loti tepi imeneyi inalembedwa liti linabwera ndithu m'mutu, koma ndinalithamangitsa ngati nkhuku yolowa m'nyumba. Ndinasindikiza mapepala, ndinawamanga bwino ndi kachingwe.

Lolemba tinapita pa bwalo la sukulu ina ya pulayimale. Anthu anadzaza pansi pa mitengo ya mikeshya, njinga zitatsamira paliponse, amayi mbali iyi, abambo mbali iyo. Kumudzi kwa mkazi wanga n'komweko, ndiye apongozi anga aakazi, a Nabanda, analipo, atakhala kutsogolo ndi mpango wawo wa chigwirizano. Ine ndinakhala patebulo pambali pa a Chirwa, nditavala tayi. Dzuwa lonse lija, tayi.

A Chirwa anayamba kuwerenga. Mayina oyamba anayenda bwino, eni ake akuyankha kuti "Ndilipo!" Kenako anatchula dzina lina ndipo bwalo lonse linangoti zii.

Anabwerezanso mokweza.

"Amenewo tinaika chaka chatha," anatero bambo wina kumbuyo.

"Pepani, zimachitika," anatero a Chirwa, n'kudula mzere. Anawerenga ena anayi. Pa dzina lachisanu, mayi wina anagwira pakamwa. Mwini dzinalo anamwalira nthawi yokolola. Lotsatira linali la munthu amene anasamukira ku esiteti ina kalekale. Phokoso linayamba pansipansi ngati njuchi. Ine ndinkayang'ana nsapato zanga, zomwe ndinazipolisha bwino kwambiri m'mawa umenewo.

Ndiye a Chirwa anatchula dzina la apongozi anga aamuna, amene ine mwini ndinanyamula nawo bokosi lawo.

Mukudziwa kuti kwathu kuno mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. A Nabanda sanaswe mwambo. Anatembenukira kwa mayi amene anakhala nawo pafupi, n'kulankhula ndi mawu oti ngakhale ana a m'kalasi anamva.

"Anaphiri, tandifunsireni a Injiniyawo. Bambowo abwera okha kudzatenga kuponi, kapena tiwapititsire komwe tinawasiya?"

Anthu ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa kanthawi. Mnyamata wina amene anakwatira chaka chomwecho anaimirira n'kufunsa chifukwa chomwe mudzi wawo watha kuwerengedwa iye osamveka, chonsecho analembetsa. Amayi amasiye, amene analowa m'malo mwa amuna awo, panalibe ndi mmodzi yemwe. A Nabanda nawonso munalibe. Wina anakuwa kuti, "Tikudziwa! Mwadzaza akufa kuti makuponiwo mugawane!" Ndipo mawu amenewo anagwira moto, poti nthawi imeneyo nkhani za mayina a mizukwa zinali pakamwa pa aliyense. Gogo wina sanakuwe nawo. Anangoyang'ana kumwamba, komwe mitambo inali itada, n'kunena kuti, "Mvula siyembekeza mapepala, ana inu." Mawu amenewo ndiwo anandilasa kuposa onse.

A Chirwa anawerama n'kundinong'oneza, ndipo Chichewa chinali chitawathawa. "Nchivichi ichi? Chiuta wane, nchivichi ichi?"

"Tepi, bwana," ndinatero. "Kutenthaku. Matepi sagwirizana ndi kutentha."

A Chirwa anaimirira, anavula chipewa, anapepesa gulu lonse ngati wolakwa ndi iwo. Analonjeza kuti tilembanso mayina onse, khomo ndi khomo, anthu akuona. Tinachoka pamenepo njinga tikukankha, poti kukwera pamaso pa anthu okwiya kumaoneka ngati kuthawa.

Kunyumba ndinamuuza mkazi wanga zonse, za c ndi x zomwe. Anandimvetsera akusenda mbatata, osadukiza. Nditamaliza anati, "Ndiye mwapha amoyo, mwadzutsa akufa, tsiku limodzi. Ngakhale mfiti imasankhapo chimodzi." Kenako anandiuza kuti munda wa amayi ake ukundidikira.

Tinazungulira midzi masiku asanu ndi makope ndi mabolopeni. Mvula yoyamba inatipeza tili m'njira, ndipo makuponi anachedwa sabata yathunthu. Anthu anabzala chimanga feteleza asanafike, ena anathira mochedwa. Sindinganame kuti palibe amene anavutika nazo. Tsiku lomwe thumba la a Nabanda linapezeka, ndinalinyamula ndekha panjinga, ndinathira ndekha phando ndi phando ndi kachitsekero ka botolo, msana ukulira. Iwo anakhala pachulu akuuza Anaphiri kuti ophunzira akamathira feteleza amadumpha mizere.

Patapita milungu iwiri a Mvula anabwera kudzaona chomwe chinavuta. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti makina aja amasunga malamulo onse omwe munthu walemba. Anadina batani limodzi, ndipo machimo anga anatuluka pagalasi, atandandalika bwinobwino, wina pansi pa mnzake. Anawerenga. Anandiyang'ana. Anawerenganso.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa a Chirwa.

A Mvula anakanda chibwano nthawi yaitali. "Tepiyi yatopa, bwana. Mugule zina, muzisinthanitsa. Komanso kalaliki wanuyu anayesetsa. Anayesetsa kwambiri."

Titatuluka panja, akukwera galimoto, anandikokera pambali. "Kamodzi ndikanamvetsa, achimwene. Kawiri, mwina mantha. Koma katatu?"

Ndinawatsegulira chitseko.

Lipoti lomwe a Chirwa analembera akuluakulu linati makina anafa, tepi inawonongeka, koma kalaliki anagwira ntchito modzipereka mpaka mayina onse anabwerera. Akuluakuluwo anasangalala. Chaka chotsatira ananditumiza kukaphunzitsa makalaliki a maofesi ena kasungidwe ndi kabwezeretsedwe ka zinthu pa tepi. Ndipo ndikuuzeni, ndinaphunzitsa bwino. Ndinajambula x wamkulu pabolodi, ndinawakankhitsa kachotsekera aliyense kakhumi, ndinawalumbiritsa kuti aziona tsiku lomwe tepi inalembedwa. Pofuna kuti phunziro likhazikike, ndinawasimbira za kalaliki wina wa kutali, wodzimva, amene anafafaniza mayina a midzi yonse chifukwa chochita manyazi kutsegula kope. Anaseka mpaka misozi. Nanenso ndinaseka nawo, mokweza kuposa onse.

Mayi wina wakutsogolo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ndiye chitsiru chimenecho anachichotsa ntchito?"

Apa ndiye panali poulula, ndipo mtima unandiuza kuti ndiulule. Ndinapukuta choko m'manja, ndinakonza tayi.

"Ayi, mayi," ndinatero. "Ndamva kuti anachikweza."