Ntchito Lisanafike Lamulungu

Lolemba

Masabata asanu ndi limodzi chimwalirire mkazi wanga Nabanda. M'mawa abwera alamu anga a Yohane, malume ake a mwana wathu Tadala. Akuti Lamulungu abale akumana kuti andisudzule: mkazi wapita, ukamwini watha, ndibwerere kwathu ku Nathenje. Tadala ndi wa kuno kwa amayi ake, atsala.

"Mukanakhala pa ntchito tikanakamba zina, alamu. Koma mwana sadya mabuku."

Sindikutsutsa. Chitsekereni laibulale ya pasukulu ija, momwe ndinkagwira ntchito, amatidyetsa ndi tomato wa Nabanda.

Ndiye ntchito, lisanafike Lamulungu. Iliyonse! Zomwe ndimatha:
kusanja mabuku
kumata chikuto chong'ambika
kuuza anthu kuti akhale chete

Pa Mitundu palibe amene akufuna chimodzi mwa izi.

Lachiwiri

Pa shopu ya mbewu ndi feteleza akufuna wogulitsa. Ndanyamula kalata ya masamba atatu. Mwini shopu akuwerenga mzere woyamba, otsalawo akudzikupizira nawo mphepo. Akuti ndiyese mpaka masana.

Bambo wina akufuna mankhwala a anankafumbwe. Ndikutenga botolo, maso akugwera pa timalemba ta kumbuyo, ndipo ine ndikayamba kuwerenga sindisiyira panjira. Ndikumuwerengera zonse mokweza: chizungulire, kusanza, zoti achite wina akameza. Bamboyo akubwerera chafutambuyo mpaka pamsewu.

Mwini shopu akukuwa: "Ndati mugulitse, aphunzitsi, osati mulalikire za imfa!"

Sindinakhalepo mphunzitsi. Kuno aliyense wovala magalasi ndi aphunzitsi.

Lachitatu

Mayi Phiri, amene amagulitsa moyandikana ndi Nabanda mumsika, andigawira dengu la tomato kuti ndikhale pamalo pake. Thumba lomwe Nabanda amayala likadali pomwepo. Ndakhala pa thumbalo.

Milu ndikuyika bwino, aakulu paokha, aang'ono paokha. Apa pokha laibulale yathandiza.

Vuto ndi makasitomala ake. Aliyense akufika ndi "Pepani, bambo a Tadala," ena akugwada ndithu. Munthu woti wakupepesa ungamupatse mulu wouma? Ndikuwonjezera basela. Wina akuti Nabanda anamusungira mwana tsiku lina mvula ikugwa: basela atatu. Gogo wina akulira: mulu wonse.

Dzuwa lisanafike pamutu dengu lili mbee.

Mayi Phiri akugwira pakamwa. "Basela ndi mmodzi, achimwene! Mukufuna tilirenso dengu?"

Sanakalipe. Angoti mawa ndipume.

Lachinayi

Pa esiteti ina ya cha ku Nathenje akufuna osankha fodya. Ndabwereka njinga ya alamu. Njira ya kwathu ndaidutsa chowerama, kuopa mlongo wanga angandione n'kuyamba kusesa m'chipinda.

M'shedi kapitawo akundionetsa masamba: ili lofiirira, ili lowala, ili loderapo. Ine ndikuona mtundu umodzi wokha, wa fodya. Ndikufunsa ngati pali buku lofotokoza. Shedi yonse ikuseka, mpaka mayi wina wa ku Mulanje akupukuta misozi ndi chitenje.

"Buku lake ndi zala, bambo," akutero mayiyo.

Kenako kuyetsemula. Kamodzi. Kawiri. Kachisanu magalasi akugwera mu mulu. Masamba omwe ndasankha m'mawa wonse mayi uja akuwasankhanso osayang'ana, uku akucheza ndi mnzake. Potsanzikana wandipatsa mbatata yootcha. Akuti nayenso anaika mwamuna wake kuno, kutali ndi kwawo.

Lachisanu

Kabaza! Njinga ilipo, miyendo ilipo. Ndamangirira pilo pakaliyala.

Anyamata a pasiteji akundipatsa kasitomala woyamba, akuti mwaulemu. Ndi mayi wamphamvu zake, ndi thumba la mtedza pamiyendo. Potsetsereka zikuyenda. Pa chitunda choyamba njinga ikuima yokha ngati yakumbukira kanthu.

"Tsikani, bambo. Khalani kumbuyo, mugwire thumba."

Wapalasa yekha mpaka pamsika, ine pa pilo, mtedza pachifuwa. Tikudutsa pasukulu nthawi yoweruka. Tadala akukuwa pakati pa anzake: "Adadi anga awo!" Akunyadira ndithu. Zaka zisanu ndi ziwiri n'zabwino.

Loweruka

Sindikupita kulikonse. Msana.

Ndikuyesa kumuluka Tadala tsitsi la kutchalitchi. Mizere ikuyamba itatu, ikufika kukhosi iwiri. Akupirira. Akuti amayi ake amakoka kwambiri, ine ndikuchita ngati ndikuopa mutu.

Kenako: "Ku Nathenje n'kutali kuposa kumene kuli amayi?"

Ndamuuza kuti ayi, kuja minibasi imafika. Ndatuluka kukafuna makatoni olongedzamo mabuku anga. Ndapeza awiri. Sakwana.

Lamulungu

Abale akumana pakhonde la apongozi titaweruka ku tchalitchi. A Yohane akundifunsa za ntchito. Ndikufotokoza zonse zinayi mwa ndondomeko, osabisa kanthu. Pa za kabaza wina akutsokomola nthawi yaitali.

Apongozi akhala chondifulatira, monga mwa ulemu wake. Zaka khumi sitinayang'anane m'maso, sitinalankhulane mwachindunji. Lero akulankhula ndi a Yohane, koma mokweza.

"Uwauze kuti chimanga cha mwana wanga chauma m'munda. Anadzala yekha. Sindifuna aganyu achigwire. Akolole iwowo, adye ndi mwana. Zosudzula tidzaziona nkhokwe ikadzatha."

A Yohane akutsegula pakamwa. Apongozi sanamalize.

"Uwauzenso kuti mutu wa mwana asaugwirenso. Azibwera naye kuno."

Ndiye sindinasudzulidwe, sindinalembedwenso ntchito. Ndapatsidwa nthawi yotalika ngati nkhokwe imodzi. Mawa m'mamawa kumunda, ndi chikwanje chomwe sindidziwa kunola. Munda wake ndi waukulu. Nabanda sankachita zinthu mwatheka.

Tadala akuti tizidya pang'onopang'ono.