A Katumbu a Padoko la Feira

Pa Boma la Luangwa, pamene akale amapatchulabe Feira, panalibe wosadziwa kuti a Silvestre anali munthu theka, theka linalo katumbu. Amanena okha, ndipo ukaseka amavula patapata pomwepo, kaya ndi pamsika kaya pakhomo la tchalitchi, n'kukuonetsa phazi. Zala zawo za kumapazi zinali zolumikizana ndi kakhungu.

"Ngati za bakha," mlendo amatero.

"Za katumbu, iwe! Bakha amadyedwa pa Khisimasi."

Amene anasenza nkhaniyi pamutu ndi akazi awo, a Arlete, ogulitsa nsomba zouma pamsika. Iwo anakwatiwa ndi msodzi wamba, wofatsa, wa ndevu zochepa zolozera m'mbali. Ukatumbu unabwera pambuyo pake, m'thumba la jekete ya salaula, zovala zakale zogula pamsika zija. Munali kabuku ka zithunzi kopanda chikuto, ka anthu amphamvu zodabwitsa aja ovala zothina. Chingelezi chake a Silvestre sanalimbane nacho. Anadutsa zimphona zonse zouluka ndi zonyamula nyumba, chala chawo n'kukaima pa kamunthu ka kumbuyo, kaubweya, kazikhadabo, kamene kamaoneka mbali imodzi chifukwa pepala linathera pomwepo.

"Amake Wendy, bwerani mudzaone m'bale wanga," anatero kwa a Arlete.

"Kameneko? Bwanji osasankha wamkuluyo, wa chifuwa ngati chitseko?"

"Akuluakuluwo ali ndi dziko lonse loti apulumutse. Feira angaikumbukire? Kuno kumafunika wamng'ono."

Mlungu usanathe yunifomu inali itapezeka: ovolosi yofiirira yodulidwa miyendo, magalasi a owotcherera zitsulo, ndi chilembo K chodulidwa ku chubu cha galimoto, chosokerera pachifuwa. Ndevu amazipaka mafuta kuti ziime. Anayesanso nsalu ya kumsana ngati ya zimphona zija, koma tsiku loyamba lomwe inakodwa ku chitsa pansi pa madzi. Anavuuka akutsokomola, n'kulengeza kuti ojambula mabuku aja Zambezi sanamuonepo.

Mphamvuzo zinalipo ndithu. Bamboyo amamira n'kukhala pansi mpaka owayembekezera ayambe kukambirana za maliro. Mvula amainunkhiza ikadali ku Mozambique. Mafoni, makiyi, mano oikirira a mphunzitsi wina wopuma ntchito, chilichonse chogwera padoko amachivuula. Malipiro ake anali "zikomo a Katumbu" basi, koma ukaiwala kutchula dzinalo amayamba kuyang'ana chinthu chakocho, kenako n'kuyang'ana madzi.

Malire a ntchito yawo amawadziwanso bwino. Chaka china njovu zinalowa m'madimba a ku Kavalamanja, anthu n'kubwera kudzawatenga, ena moseka, ena ali nako kachikhulupiriro.

"Mudala, tiyeni, chimanga chatha!"

"Njovuyo ili m'madzi?"

"Ili m'munda."

"Ndiye si dipatimenti yanga. Pitani kwa a gemu, oyang'anira nyama zakutchire."

"Nanga ng'ona ija yagwira mbuzi dzulo? Ija ili m'madzi."

"Ine ndi ng'ona tinagawana kale mtsinje. Iyo ikakhala uku, ine ndimakhala uko."

Zonsezi a Arlete amazimvera kwa anzawo pamsika, chifukwa amuna awo akavala yunifomu iwo padoko samapondapo. "Amake Wendy, kanyama kanu kaja kagwira foni lero," anzawo amatero, kuseka n'kufalikira m'mabenchi monse. Iwo amangoweramira nsomba zawo, n'kumaingitsa ntchentche zomwe panalibe. Mawu amakawatulutsira kunyumba.

"Atate a Wendy, muli ndi zidzukulu inu. Anthu amakusekani."

"Amaseka atalandira mafoni awo."

"Mungokhalako munthu, ngakhale Lamulungu lokha."

Lamulungu amavaladi suti. Koma magalasi aja amakhala m'thumba, kuopa kuti wina angagwere mu mtsinje ulaliki uli mkati.

Tsiku lawo lalikulu linafika m'nyengo ya madzi odzaza. Boti lochokera ku Zumbo, tsidya la ku Mozambique, lolemedwa ndi mitanga ya nsomba, linapendekeka pamene Luangwa amakumana ndi Zambezi, ndipo mayi wina wamalonda wa ku Lusaka, a Karen, anagwera m'madzi. Amuna onse padoko anakuwa. Wolumpha anali mmodzi. Madzi anali ofiira ndi matope, oti munthu sungaone dzanja lako lomwe. A Silvestre anamira, anavuuka chimanjamanja, anamiranso. Anthu atayamba kugwira pamutu, anatulukira kumunsi ataluma chitenje cha mayiyo ndi mano, manja akupalasa. Anafika naye pamchenga ali moyo.

Wojambula ndi foni anachedwa. Anangogwira kumapeto: a Silvestre akukwera gombe, kuterereka pamatope, ovolosi n'kung'ambika kumbuyo konse, dziko lonse n'kuona zosayenera kuona. Kavidiyoko kanayenda mpaka kumigodi ya ku Kopala, ena anaikamo nyimbo. Za a Karen munalibe.

Dzuwa likupendeka a Arlete anakhala pakhonde akusoka ovolosiyo, nkhope ili yolimba. Amuna awo anakhala pambali, maso akuwala ngati a mwana.

"Amake Wendy, mukanaona. Pansi paja panali mdima, koma ndinamumva ndi ndevu kuti ali apa."

"Ndaona," anayankha osadzutsa mutu. "Zambia yonse yaona."

A Silvestre anasisita ndevu zawo. Nkhaniyo kunyumba sanaibwerezenso.

Zaka zinapita, ndevu zinachita imvi, mpweya unayamba kufupika. M'nyengo yozizira ya chaka chatha injini ya boti la a Lovewell inamasuka n'kumira pafupi ndi doko. Mwini wake anali munthu wachifundo.

"Mudala, musavutike," anatero a Lovewell. "Madzi azizira. Tiyesa kukoka ndi mbedza."

Koma achinyamata ongokhala padoko anali atakweza kale mafoni awo. "Katumbu wakalamba! Masiku ano ndi kamba!"

A Silvestre anapita kunyumba kukavala. Anapeza akazi awo akuwamba nsomba kuseri kwa nyumba, utsi uli tolo. Anaima pamenepo mu yunifomu yawo, imene tsopano imawakhuthukira m'mapewa.

"Amake Wendy, tiyeni mukaoneko. Kamodzi kokha."

"Nsomba zili pamoto," anatero a Arlete. Zinalidi pamoto, koma mwana wawo Wendy anali pomwepo, ndipo akanatha kuzitembenuza.

A Silvestre anakamiradi n'kumanga chingwe ku injiniyo, injini inatuluka, anthu anaomba m'manja akuseka. Bamboyo anavuuka milomo itatuwa, mano akugundana. Chifuwa chinayamba tsiku lomwelo, ndipo kuchipatala anati ndi chibayo. A Lovewell atabwera kudzawaona, a Silvestre anatsegula diso limodzi.

"Yalira?"

"Yalira, mudala. Dzulo ndapita nayo ku Zumbo."

"Ndiye bwino."

M'chipatalamo sanatulukemo.

Pamaliro panabwera anthu oti manda a Feira anali asanawaonepo, a tsidya lino ndi a tsidya lija. Ambiri anabwera ndi nkhani zoseketsa, ndipo kumsasa kwa amuna kuseka kumaphulika n'kuzimitsidwa msanga. Kenako a Karen, amene anachita kukwera basi kuchokera ku Lusaka, anapempha kulankhula. Anafotokoza mmene madzi anawapindira miyendo, mmene anasiyira kulimbana n'kuyamba kutchula mayina a ana awo mumtima, ndi mmene chinthu china chinawagwirira m'chiuno mumdimamo. Poyamba anayesa ng'ona. Anadabwa kuti ng'onayo ikuwakokera kumwamba. Apa anthu anafuna kuseka, koma kuseka sikunatuluke. A Arlete anamvetsera atagwira nsalu pakamwa. Nkhani imeneyi inadzawapeza pakhonde pawo pomwe, mwini wake ali moyo, iwo n'kuibweza.

Doko lilipobe. Maboti amapita ku Zumbo n'kubwera, amalonda amakangana pa mitengo ya nsomba, koma phokoso lake lili ngati la nyumba imene achotsamo mipando. Mvula masiku ano imangofika yosalengezedwa. Achinyamata aja mafoni awo amajambula okhaokha.

A Arlete tsopano amatsikira okha padoko kukagula nsomba, ndipo akagula safulumira kubwerera. Tsiku lina mlendo wina wotsika m'boti anagwetsa makiyi a galimoto m'madzi. Anayang'ana madziwo, anayang'ana amuna onse amene anaima pagombe.

"Kulibe wodziwa kumira kuno?"

Amunawo anayang'anana, wina anayamba kumanga chingwe chomwe chinali chomangidwa kale. Anayankha ndi a Arlete.

"Analipo, bambo. Amati anali katswiri."

"Amati? Inu simunamuonepo?"

"Ayi," anatero a Arlete, akusenza mtanga wawo. "Ine ndinali kumsika."